Dziko loposa Malawi pang'ono chabe, koma anthu 170 miliyoni: akukwanamo bwanji?

Mjoni_wa_ku_Tembisa
Abale ndithandizeni ndisachite manyazi. Ndimagwira ntchito mu shopu ya munthu wa ku Bangladesh kuno ku Tembisa ku Joni, chaka chachitatu tsopano. Dzulo magetsi atathima tinangokhala pa makreti a zakumwa n'kumacheza, ine n'kuyamba kudandaula kuti kwathu ku Thyolo malo anatha, munda wa agogo tagawana mpaka aliyense watsala ndi mizere yoti ukhoza kuiwerenga utaima pachulu. Bwanayo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti dziko lakwawo likuposa Malawi pang'ono chabe koma muli anthu 170 miliyoni. Ine ndinamuuza pamaso kuti limenelo ndi bodza la n'nanu, ndipo tabetcherana R50. Odziwa, ndani akudya ndalamayi? Funso lina: akuti kwawo onse ndi mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, kulibe zoti uyu ndi Mlomwe uyu ndi Mtumbuka. N'zoona?

Kabaza_Boy
Achimwene kalipireni R50 ija mwakachetechete kkkk

Mjoni_wa_ku_Tembisa
Iwe usandithamangitse, ndikudikira aphunzitsi.

Mphunzitsi_wa_Geo
Mwaluza achimwene, koma musadandaule, ana a Fomu 3 nawonso amandiyang'ana ngati ndamwa ndikawauza zimenezi. Bangladesh ndi masikweya kilomita pafupifupi 148,000. Malawi ndi 118,000 kuphatikiza nyanja. Mukachotsa madzi mutsala ndi mtunda wa 94,000. Kalembera wawo wa 2022 anapeza anthu 165 miliyoni, ndipo atawonjezera amene anaphonyedwa chiwerengero chinafika 169.8 miliyoni. Ife kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni. Pa sikweya kilomita imodzi iwo amakhalapo anthu oposa 1,100, ife 186. Ngakhale Chiradzulu, imene timati yadzaza, sifika 500. Kuti mumve bwino: tikanakhala othithikana ngati iwowo, m'Malawi muno tikanakhala anthu oposa 100 miliyoni, Thyolo yanuyo ikanaoneka ngati kumudzi kopanda anthu.

Koma chimene chimandichititsa chidwi ine si kuchuluka kwawoko ayi. Ndi mmene anachepetsera kubereka. M'zaka za m'ma 1970 mayi mmodzi ankabereka ana 6 kapena 7, chimodzimodzi amayi athu. Lero ali pa ana awiri, kupitirira pang'ono. Makalembera aja anapeza kuti chiwerengero chawo chinkakula ndi 1.2 peresenti pachaka, chathu 2.9.

NaBanda_Area25
Nanga amadya chiyani anthu onsewo? Ife ndife ochepa chonchi koma Januwale akafika timakhala tili pa mzere wa chimanga.

Mphunzitsi_wa_Geo
Mayi, dziko lawo pafupifupi lonse ndi dimba. Mitsinje itatu ikuluikulu, Padma, Jamuna ndi Meghna, imakumana m'menemo isanathire m'nyanja, ndipo chaka ndi chaka imasiya dothi latsopano la chonde. Mpunga ali ndi nyengo zitatu zoulima, amazitcha aus, aman ndi boro. Wa boro ndi wa m'chilimwe, wothirira ndi timapampu tokoka madzi apansi, ndipo ndi umene amakolola wochuluka kuposa winawo. Kuchokera pamene analandira ufulu mu 1971, mpunga umene amakolola wachuluka kuposa katatu. Ife munda umagwira ntchito miyezi inayi, miyezi isanu ndi itatu yotsalayo mumadya mbuzi.

Chatsalira77
Ndinadziwa kuti nkhaniyi ithera ku kulera. Azungu akafuna kutichepetsa amayamba ndi zitsanzo ngati zimenezi. Dziko la anthu 170 miliyoni likudya, likugulitsa zovala dziko lonse lapansi, ndiye vuto la kuchulukana lili pati? Anthu ndiye chuma. Vuto lathu ndi ulesi ndi utsogoleri, osati ana.

NamwinoWopuma
Bambo Chatsalira, mbali ina mukunena zoona, koma mwadumpha chinthu chachikulu. Iwowo atafika pa 70 miliyoni, chakumayambiriro kwa ufulu wawo, sanati "anthu ndiye chuma" n'kukhala pansi. Anali atangotuluka mu nkhondo ya 1971, chaka cham'mbuyo mwake namondwe wa Bhola anali atapha anthu osachepera 300,000, kenako 1974 kunagwa njala. Boma lawo lomwe linanena kuti kuchulukana ndilo vuto loyamba la dziko.

Ife tili ku sukulu ya unamwino tinkaphunzira za dera lina lotchedwa Matlab. Kumeneko mu 1977 bungwe la kafukufuku wa matenda otsegula m'mimba, limene pano limatchedwa icddr,b, linayesa njira yosavuta: kulemba ntchito amayi a m'midzi momwemo, ophunzirako pang'ono, okwatiwa, oti nawonso akulera, kuti aziyendera khomo lililonse pakatha milungu iwiri. Osati kuitana amayi ku chipatala, chifukwa nthawi imeneyo mayi wa kumudzi sankatuluka pakhomo chisawawa. Ankamupeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga, n'kukhala naye pansi, n'kumupatsa mapiritsi kapena jakisoni, n'kubweranso kudzafunsa ngati akumva chizungulire. Midzi yoyandikana nayo imene sinalandire zimenezi inapitiriza kubereka ngati kale, ndiye kusiyana kunaoneka poyera. Boma nalo linamwaza amayi oterewa masauzande ambiri m'dziko lonse. Mu 1975 amayi apabanja olera sankafika 10 pa 100 alionse, mu 2022 anali atapitirira 60.

China chimene anthu amaiwala: mayi salera ngati ana ake akufa. M'zaka za m'ma 1980 bungwe la BRAC linayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa amayi kupanga madzi a mchere ndi shuga: kamchere kotsina ndi zala zitatu, shuga wawo wa nzimbe wodzaza dzanja, madzi theka la lita. Ndi Thanzi yemweyu timapereka ku sikelo. Ana atasiya kufa ndi kutsegula m'mimba, makolo anasiya kubereka ana "osungira".

Chatsalira77
Amayi, ndiye mwavomereza kuti ndi mabungwe anabweretsa.

NamwinoWopuma
BRAC anaiyambitsa ndi mwana wa dziko lomwelo, Fazle Hasan Abed, mu 1972. Sanali mzungu bambo. Ndipo amene ankagogoda pamakomo anali azimayi a m'mudzi momwemo.

Che_Mangochi
Ine chimene chandigwira mtima n'chakuti dzikoli anthu 91 pa 100 alionse ndi Asilamu. Kuno tikangotchula zolera, ena amathamangira kunena kuti ife a ku Mangochi ndi Machinga sitingamve chifukwa cha chipembedzo. Nanga awowa si Asilamu anzathu? Aswali kasanu patsiku, koma ana awiri. Ndiye nkhani si mzikiti, ndi sukulu ya atsikana ndi chipatala kutalika.

NaBanda_Area25
Pamenepo mwalasa Che Mangochi.

Kabaza_Boy
Ine ndangovula T-shirt yanga ya pa kaunjika kuti ndione kakalata ka pakhosi. "Made in Bangladesh." Jinzi nayonso chimodzimodzi. Ndiye kuti ndavala dziko lonse kkkk

Mlongo_wa_ku_London
Kabaza usaseke, kakalata kameneko ndi gawo la yankho. Mafakitale a zovala kumeneko alemba anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo akazi. Mtsikana amene akulandira yake ndalama pamwezi ku Dhaka, likulu lawo, kapena ku Gazipur sathamangira kubereka mwana wachinayi, makina akumudikira. Ndiponso kuyambira 1994 boma linayamba kupereka kandalama kwa atsikana a kusekondale a kumidzi, malinga ngati akupita ku sukulu ndipo sanakwatiwe. Koma tisawajambule ngati angelo. Ntchito ya m'mafakitalemo ndi yowawa, malipiro ochepa, ndipo mu 2013 nyumba ya Rana Plaza inagwa n'kupha anthu oposa 1,100 amene ankasoka zovala zomwe timavalazi. Komanso maukwati a ana akadali ochuluka: pafupifupi theka la atsikana amakwatiwa asanafike zaka 18, kuposa ngakhale kwathu. Amakwatiwa msanga, amabereka awiri msanga, n'kusiya.

Mjoni_wa_ku_Tembisa
Chabwino R50 yapita. Koma pali chimene sichikundilowa. Ngati akubereka awiri okha, bwanji chiwerengero chikukwerabe? Awiri kulowa m'malo mwa awiri, si ndiye kuti chiyenera kuima?

Mphunzitsi_wa_Geo
Funso labwino. Lole yodzaza simenti ikamatsika Chingeni, ngakhale dalaivala aponde mabuleki siima pomwepo. Ana amene anabadwa ambirimbiri m'ma 1980 ndi 1990 ndi amene ali makolo lero. Aliyense akubereka awiri, inde, koma makolowo ndi ochuluka kwambiri kuposa agogo amene akumwalira. Onjezerani kuti anthu akukhala moyo wautali: pa nthawi ya ufulu munthu ankayembekezeka kukhala zaka zosafika 50, lero zapitirira 70. Ndiye chiwerengero chipitiriza kukwera kwa zaka makumi angapo chisanaime. Kalembera wa 2022 anaonetsanso chinthu chatsopano: kwa nthawi yoyamba akazi anachuluka kuposa amuna. Mbali ina n'chifukwa chakuti amuna mamiliyoni ali kunja, ku Saudi Arabia, ku Emirates, ku Malaysia, ndi ena ngati bwana wanuyo.

NaBanda_Area25
Koma a Mjoni, bwana wanuyo amadya nsima?

Mjoni_wa_ku_Tembisa
Anayesako kamodzi, akuti ikukhala ngati mwala m'mimba. Iye mpunga m'mawa, masana, madzulo, ndi nsomba ya tsabola woti ine ndinalira misozi. Amadya ndi manja ngati ife tomwe. Ndinamubweretsera usipa wouma kuchokera kumudzi, anaununkhiza n'kunena kuti kwawo ulipo, amautcha shutki. Anauphika ndi anyezi ndi tsabola, ndinanyambita mbale.

Kabaza_Boy
Ndiye kuti ndi Mtonga ameneyo, angosochera.

Mlongo_wa_ku_London
Kkkk. Kuno ku London malesitilanti ambiri amene timati "a Amwenye" eni ake ndi a ku Bangladesh, makamaka ochokera ku dera la Sylhet. Ukatsika pa siteshoni ya Whitechapel dzina la siteshoni analilembanso m'zilembo za Chibengali. Mnzanga wa kuntchito ndi wa ku Sylhet, amati akamalankhula cha kwawo chenicheni munthu wa ku Dhaka amangogwira apa ndi apo. Ndiye zoti "chilankhulo chimodzi" zija muzimve mosamala.

Mkamwini_Wofatsa
Tabwererani ku funso lachiwiri lija, mwalithawa chifukwa cha usipa. Ine ndikufuna kumva za mitundu.

Mphunzitsi_wa_Geo
Bwanayo sananame kwenikweni, koma sanamalize. Pafupifupi anthu 99 pa 100 alionse ndi Abengali. Dziko lenilenilo linabadwa chifukwa cha chilankhulo: pa 21 February 1952, dzikoli likadali mbali ya Pakistan, apolisi anaombera ophunzira ku Dhaka amene ankakana kuti Chiurdu chokha chikhale chilankhulo cha boma la Pakistan, ndipo n'chifukwa chake tsiku limeneli dziko lonse limakumbukira zilankhulo za makolo. Ndiye Mbengali akamati "ndife amodzi" akunena chinthu chimene anthu anafera.

Koma 1 peresenti ya anthu 165 miliyoni si masewera. Kalembera wa 2022 anawerenga anthu 1.65 miliyoni a mitundu ing'onoing'ono 50. Waukulu ndi Chakma, pafupifupi 480,000, kenako Marma, Tripura, Santal, Oraon, Garo, Munda, Mro ndi ena. Atsogoleri a mitunduyi amatsutsa chiwerengerochi, amati iwo alipo pafupifupi 3 miliyoni ndipo olemba kalembera safika kumidzi ya kumapiri.

Wa_ku_Chitipa
Mawu akuti "tonse ndife amodzi" amakoma m'kamwa mwa amene chilankhulo chake ndicho chili pa wailesi. Ife a kuno timawadziwa bwino.

Chatsalira77
Ayamba a kumpoto.

Wa_ku_Chitipa
Sindinayambe kanthu akulu, ndingokuuzani zimene zinachitika kumeneko, muweruze nokha. Kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo kuli mapiri otchedwa Chittagong Hill Tracts, maboma atatu: Rangamati, Khagrachhari ndi Bandarban. Ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse. Kumeneko ndi kwawo kwa Achakma, Amarma, Atripura ndi Amro. Nkhope zawo zimafanana ndi anthu a ku Myanmar, ambiri ndi Abuda, ena Ahindu ndi Akhristu, ndipo ulimi wawo wa makolo ndi wotema tchire n'kutentha, amautcha jhum, ngati mmene timalimira mawere kwathu kuno.

Mu 1962, dziko likadali mbali ya Pakistan, anamaliza damu la magetsi la Kaptai pa mtsinje wa Karnaphuli. Madzi anamiza pafupifupi magawo 40 pa 100 a minda yabwino ya derali, pamodzi ndi nyumba ya mfumu ya Achakma. Anthu pafupifupi 100,000 anasamutsidwa, ena anathawira ku India ndipo zidzukulu zawo zikadali komweko. Ufulu utabwera, mtsogoleri wawo Manabendra Narayan Larma anapempha kuti malamulo a dziko awazindikire ngati mitundu paokha, koma malamulowo anangotcha nzika zonse Abengali. Kunabuka nkhondo ya zigawenga, gulu lake Shanti Bahini. Boma poyankha, chakumapeto kwa ma 1970 ndi m'ma 1980, linasamutsira kumapiriko Abengali osauka mazana a masauzande ochokera kuchigwa, n'kuwapatsa malo amene eni ake analibe mapepala chifukwa anali a makolo. Pangano la mtendere linasainidwa pa 2 December 1997, koma nkhani ya malo mpaka lero sinathe. Chakumayambiriro kwa ma 1950 Abengali kumapiriko sankafika 10 pa 100 alionse. Lero ali pafupifupi theka.

Ndiye mukamafunsa kuti anthu 170 miliyoni akukwana bwanji, gawo lina la yankho ndi limeneli: anakankhira kwa amene anali ochepa.

Mkamwini_Wofatsa
Koma osamutsidwawo nawonso anali amphawi opanda malo, mwina mtsinje unawadyera munda. Ukapatsidwa malo ndi boma ungakane?

Wa_ku_Chitipa
Sindikuwada iwowo. Wosauka kumuika pa munda wa wosauka mnzake, amene wakonza zimenezo ali phee mu ofesi ku likulu.

Mlongo_wa_ku_London
A Mkamwini, pali mtundu wina umene muukonde. Agaro, amene amakhala chakumpoto, madera a Mymensingh, Netrokona ndi nkhalango ya Madhupur. Kwa iwo ana amatenga mfunda wa mayi, chuma cha banja chimapita kwa mwana wamkazi, kawirikawiri wotsiriza, ndipo mwamuna wake amakakhala kwa mkazi. Akhasi a ku Sylhet nawonso chimodzimodzi. Ambiri ndi Akhristu. Tangoganizani chikamwini pakati pa dziko limene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna.

Mkamwini_Wofatsa
Ndiye kuti tili ndi abale kumeneko! Nawonso apongozi amawadzutsa 4 koloko kukalima?

Kabaza_Boy
Chikamwini n'chimodzi dziko lonse ankolo, pirirani.

Che_Mangochi
Funso kwa aphunzitsi. Mwati Abengali 99 pa 100, Asilamu 91. Otsalawo ndi ndani?

Mphunzitsi_wa_Geo
Ambiri ndi Abengali omwewo koma Achihindu, pafupifupi 8 pa 100 alionse, kutanthauza anthu 13 miliyoni. Abuda ndi Akhristu onse pamodzi safika 1 peresenti. Chiwerengero cha Ahindu ndicho chili ndi mbiri yowawa: mu 1951 anali 22 pa 100, mu 1974 anali 13.5, lero 8. Ambiri anawolokera ku India, kuyambira pa kugawidwa kwa dziko mu 1947, nthawi ya nkhondo ya 1971 pamene asilikali a Pakistan ankawasaka mwapadera, komanso chifukwa cha lamulo la 1965 limene linkalola boma kulanda katundu wa munthu amene wapita ku India ngati katundu wa mdani. Kubereka kwawo nakonso n'kotsikirapo pang'ono.

Palinso kagulu kena kamene kalembera sakaika pa mitundu 50 ija: olankhula Chiurdu, amene amatchedwa Abihari. Makolo awo anachokera ku India mu 1947, ndipo mu 1971 ambiri anaonedwa ngati ali mbali ya Pakistan. Nkhondo itatha anatsala opanda dziko, m'makampu ngati Geneva Camp mkati mwa Dhaka. Khoti lalikulu linawapatsa unzika mu 2008, patatha zaka 37.

Gogo_wa_ku_Nsanje
Ana inu mwatchula onse koma mwaiwala alendo. Ine ndimamvera wailesi. Mu 2017 anthu oposa 700,000 a mtundu wa Rohingya anathawa ku Myanmar kulowa ku Bangladesh m'miyezi yochepa chabe, ndipo pano m'boma la Cox's Bazar alipo oposa miliyoni imodzi, kampu ya Kutupalong ndiyo yaikulu pa dziko lonse. Nkhaniyi itamveka ine ndinakumbuka za kwathu. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinasunga anthu oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo kuno ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi. Ndikukumbuka mayi wina anafika pakhomo pathu usiku, mwana kumsana, mphika pamutu, osanena kanthu, anangokhala pansi pa mtengo wa masau. Amayi anga anamupatsa phala, m'mawa bambo anamulozera pomanga kachisakasa. Mitengo yonse ya m'mapiri inatha ndi nkhuni zaka zimenezo. Koma ife tinali ndi mwayi: mtendere utabwera mu 1992 anthu aja anabwerera kwawo. Arohingya kwawo sakuwafuna, anawalanda unzika. Ndiye dziko lothithikana kale lija lasenzanso miliyoni ina, osadziwa tsiku lotula.

NaBanda_Area25
Agogo mwandikumbutsa kutali. Ife ku Dedza tinali nawonso.

Chatsalira77
Ndamva zonse, koma ine ndikadali pomwe ndinali. Iwo ali ndi doko, ali ndi madzi paliponse, ali ndi mafakitale. Ife tikalera n'kukhala ndi ana awiri popanda ntchito, tidzangokhala amphawi ochepa m'malo mwa amphawi ambiri.

NamwinoWopuma
Bambo, kubereka kwawo kunayamba kutsika mafakitale asanachuluke, dziko likadali losauka zedi. Pofika kumayambiriro kwa ma 1990 anali atatsika kale kufika pa ana atatu ndi theka. Ine ndagwira ntchito ku mateniti zaka 28, ndaona mayi wa zaka 30 akubwera ndi mimba yachisanu ndi chiwiri magazi atamuthera, m'maso muli mbee. Ameneyo sindingamuuze kuti adikire fakitale.

Chatsalira77
Pamenepo sinditsutsa amayi. Koma za doko ndanena zija zikadali zoona.

Mjoni_wa_ku_Tembisa
Ndabwera ndi lipoti. R50 ndapereka, waigulira ma airtime pamaso panga. Ndinamufunsa za Achakma, anakhala kaye chete, kenako akuti "aa, anthu a kumapiri," akuti anapitako kamodzi ku Rangamati kukakwera boti pa nyanja ya Kaptai ali pasukulu, malo okongola kwambiri. Nditamuuza kuti pansi pa madzi amenewo pali midzi ya anthu ndi nyumba ya mfumu, anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndazimva kuti. Ndati ku Chitipa. Iyeyo kwawo anabadwa asanu ndi atatu, koma ali ndi ana awiri, onse aakazi, ndipo akuti mayi ake amamuimbira foni Lachisanu lililonse kufunsa za mwana wamwamuna.

Kabaza_Boy
Muuzeni asamukire kwa Agaro, kumeneko ali kale bwana.